Mbiri ya Wochi ya Oyster

Wochi ya pamkono iri ndi adani awiri akulu m'dziko lathu lino, ndiwo madzi ndi pfumbi. Kuno ku Chanyanya, pa dooko la asodzi m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, adani awiriwa amakhala nafe mosinthana: kumapeto kwa dzinja madzi amasefukira m'dambo lonse, ndipo m'malimwe mseu wocokera ku tauni ya Kafue umafuka pfumbi lolowa ngakhale m'bokosi lotseka. Munthu amene anatayapo ndalama zace kugula wochi, naiona itacita nkhungu kunsi kwa galasi mwezi usanathe, adziwa cimene ndirikunena. Cifukwa cace ndayesa nkoyenera kulemba mbiri ya wochi imene inachuka pa dziko lonse pogonjetsa adani amenewa. Dzina lace ndi Oyster, ndipo amaipanga a kampani ya Rolex ku Switzerland. Ambiri amamva dzinali m'nkhani za anthu olemera, nayesa kuti inabadwa ngati cokometsera ca mabwana. Koma mbiri yace siitero.

Makolo athu sanasowe podziwira nthawi. Ulendo unali kuyamba tambala woyamba atalira kapena nthanda itatuluka. Mlandu unali kukambidwa dzuwa litapendeka. Ng'ombe zinali kulowa m'khola ndi cisisira. Imodzi mwa mawochi oyamba kufika pa mtsinje uno inali m'katundu wa David Livingstone, amene anaoloka Kafue m'December 1855 pafupi ndi mudzi wa mfumu Semalembue. Iye anali kuisunga ngati dzira, pakuti poilinganiza ndi nyenyezi ndimo anali kudziwira malo amene wafika, nawalemba pa mapu. Koma cimene cinamanga anthu a kuno ku nthawi ya wochi ndi njanji. M'caka ca 1906 anamanga ulalo wa sitima wa zigawo 13 pa Kafue, njanji niipitirira kufika ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. Sitima siidziwa kuti munthu anacedwa ku maliro. Pambuyo pace, m'caka ca 1918, a Mishoni ya Methodist anatsegula sukulu yao ya Kafue, ndipo belu linayamba kulamulira kudzuka, kudya ndi kugona kwa anyamata. Nthawi imene tinapatsidwayo siyathu kweni-kweni ai: imawerengedwa kucokera pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa kwa Greenwich, pamene ife tiri pa 28, kotero kuti tikawerengera caka conse pamodzi, dzuwa limafika paliwombo pathu mphindi ngati 8 wochi itanena kale kuti ndi 12 koloko.

Masiku amenewo mwamuna waulemu anali kusunga wochi yace m'thumba, yomangirira ku unyolo. Ya pamkono inali kuyesedwa cibangiri ca akazi, ndipo amisiri anali ndi zifukwa zoinyozera. Makina ace ndi ang'ono, ndipo cinthu cacing'ono ncobvuta kucilinganiza kuti ciziyenda molunjika. Ndiponso mkono sukhala cete, umagunda pa zitseko, umatuluka thukuta, umanyowa ndi mvula. Asilikari ndiwo anayamba kuicotsa manyazi, poyamba m'nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ya 1899 kufikira 1902, ndipo maka-maka m'nkhondo yaikulu ya 1914, pakuti munthu wogwira mfuti alibe dzanja lopisa m'thumba.

Mmodzi wa amene anaoneratu kumene mphepo irikulowera ndiye Hans Wilsdorf. Anabadwira ku Kulmbach m'dziko la Germany m'caka ca 1881, ndipo pofika zaka 12 anali mwana wamasiye, amace ndi atate wace atamwalira motsatana. Abale anamtumiza ku sukulu yogonera komweko, kumene anaphunzira masamu ndi zinenero. M'caka ca 1900 analowa nchito ku La Chaux-de-Fonds ku Switzerland, m'nyumba ya malonda yotumiza mawochi ku maiko ena, ndipo nchito yace inali yolemba makalata a Cingerezi. Pano ife akalaliki tinganyade pang'ono, pakuti munthu amene dzina lace limachulidwa patsogolo pa amisiri onse a mawochi sanali mmisiri konse. Anali mlembi wa pa tebulo monga ife. M'caka ca 1905, ali ndi zaka 24, anatsegula malonda ace ku London pamodzi ndi mlamu wace Alfred Davis. Makina anali kuwagula kwa Aegler ku Bienne, nawaika m'zigoba, nawagulitsa kwa eni masitolo. Dzina la Rolex analilembetsa m'caka ca 1908. Anafuna dzina lalifupi, lokwana pa nkhope ya wochi, limene munthu wa mtundu uli wonse angalichule. Ngakhale ndiganiza sanafunse ife, amene lilime lathu silisiyanitsa r ndi l.

Nkhondo yace yoyamba inali yoonetsa kuti wochi yaing'ono inganene zoona. M'caka ca 1914 anatumiza imodzi ku nyumba yoyesera ya Kew ku England, kumene inayesedwa masiku 45, pozizira ndi potentha, coimirira ndi cogona, niilandira cikalata ca kalasi A. Caka cotsatira boma la Britain linaika msonkho wa limodzi la magawo atatu pa mawochi ocokera kunja, pofuna ndalama za nkhondo. Msonkho umenewu ndiwo unayamba kumcotsa ku London, ndipo pofika 1920 kampani yace inali italembedwa ku Geneva, kumene iri kufikira lero.

Tsono tifike pa cigoba, pakuti mbiri yonse yagona pamenepo. Wochi wamba iri ndi makomo atatu olowera mdani. Loyamba ndi m'mphepete mwa galasi. Laciwiri ndi citsekero ca kumbuyo, cimene mmisiri amakanula ndi kampeni. Lacitatu, loipa koposa onse, ndi kabowo ka pambali kamene pamapyola kacitsulo ka kamutu kopukusira. Makomo awiri oyambawo amatsegulidwa kamodzi pa zaka zingapo, koma kamutu kanali kugwidwa tsiku ndi tsiku, pakuti wochi ya masiku amenewo ukaleka kuipukusa inali kuima. Kadontho kamodzi kakalowa, dzimbiri limagwira timagudumu. Kambeu kamodzi ka mcenga kakasanganikirana ndi mafuta, kamasanduka nsangalabwi yopera makina pang'ono-pang'ono. Amisiri ena anali atayesapo kale. François Borgel wa ku Geneva anapanga cigoba ca mazinga m'caka ca 1891, ndipo ena anali kutsekera wochi yonse m'kabokosi kena, kotero kuti mwini wace anayenera kutsegula kabokosiko m'mawa uli wonse. Koma kamutu kanawakanika.

Nzeru yotsekera kamutu inacokera kwa anthu awiri a ku La Chaux-de-Fonds, Paul Perregaux ndi Georges Perret, amene anailembetsa ku boma m'caka ca 1925. Wilsdorf anaigula, naikonzanso, ndipo m'caka ca 1926 anaturutsa Oyster. Thupi lace ndi mphete imodzi yolimba. Poyamba mphete yogwira galasi inali kulowa ndi mazinga kumaso, citsekero cimalowa ndi mazinga kumbuyo, ndipo kamutu nako kamamangidwa ndi mazinga pa kampope kotuluka m'thupimo, monga momwe timatsekera botolo la parafini. Ukafuna kukonza nthawi uyambe wamasula, ukatha umangenso. Timizere tosongoka timene timaoneka kuzungulira galasi pa mawochi ena a Rolex, timene anthu amayesa maluwa okometsera, poyamba tinali pogwirira cipangizo ca mmisiri pomanga mphete ija. Dzina lace analitenga kwa kanyama ka m'nyanja ya mcere kokhala pakati pa zigoba ziwiri, kofanana ndi nkhono za zigoba ziwiri zimene ana amatola m'matope a mtsinje wathu. Ukakakhudza kamadzitsekera kolimba.

Kupanga cinthu ndi nchito imodzi, kuti anthu akhulupirire ndi nchito yina, ndipo pa yaciwiriyi Wilsdorf analibe mnzace. Pakati pa England ndi France pali nyanja ya mamailosi 21 pamene yapapatiza, ya madzi ozizira kwambiri. Pa 7 October 1927 mkazi wina wotaipa makalata m'ofesi ku London, Mercedes Gleitze, anaoloka nyanjayo cosambira m'maora 15 ndi mphindi 15, atalephera kasanu ndi kawiri. Ndiye mkazi woyamba wa ku Britain kucita cimeneci. Patapita masiku owerengeka mkazi wina ananena kuti iyenso waoloka, ndiponso mofulumira koposa, koma pambuyo pace anaulula kuti linali bodza. Bodza la mmodzi linadetsa onse, anthu nayamba kukayika Gleitze yemwe. Iye pofuna kuyeretsa dzina lace anati adzasambiranso pamaso pa mboni pa 21 October, ngakhale nyengo inali itapita ndipo madzi anali atazizira koposa kale. Wilsdorf atamva anamtumizira Oyster, ndipo mkaziyo anaimangirira m'khosi ndi kansalu. Ulendo uno sanafike tsidya. Atakhala m'madzi maora 10 ndi mphindi 24 anamkweza m'bwato ali pafupi kukomoka. Koma amene anaona kupirira kwace anabvomereza kuti ulendo woyamba uja unali woona. Wochi inapezeka irikuyenda bwino, m'kati muli gwa.

Pa 24 November caka comweco Wilsdorf anagula tsamba loyamba lonse la nyuzipepala ya Daily Mail kulengezapo wochi yace ndi dzina la mkaziyo, ndipo m'mazenera a masitolo anaika Oyster m'mabotolo akulu a madzi, tinsomba tirikusambira pambali pace. Kucokera pamenepo ambiri akhala akunena kuti Gleitze anaoloka nyanja atabvala Rolex, pamene coona ncakuti tsiku limene anaoloka analibe wochiyo, ndipo tsiku limene anali nayo sanaoloke. A kampani sanacite cangu kuwongola mau amenewa. Mkaziyo anapitiriza kusambira, ndipo m'caka ca 1928 anakhala munthu woyamba kuoloka pa Gibraltar, kucokera ku Ulaya kufika ku Africa.

Panatsala cirema cimodzi. Mazinga a kamutu, pomasulidwa tsiku liri lonse, anali kutha, ndiponso munthu ndi munthu, tsiku lina adzaiwala kumanga. Mankhwala ace anapezeka m'caka ca 1931, pamene anaika m'kati kacitsulo kolemera kooneka ngati mwezi wogamphuka pakati, komangika pa cikati kuti kazizungulira momasuka. Mwini wochi akagwedeza mkono, polemba kapena popalasa, kacitsuloko kamagwera pansi ndi kulemera kwace, ndipo pakugwa kamapukusa sipuling'i. Motero munthu amadyetsa wochi yace osadziwa, ndipo kamutu kamakhala kotseka miyezi. Anaicha Oyster Perpetual, ndiko kunena yosaleka. Apanso woyamba sanali iwo: Mngerezi wina, John Harwood, anali atapanga wochi yodzipukusa yokha zaka zingapo m'mbuyo, koma kacitsulo kace kanali kungogunda uku ndi uku osazungulira, ndipo malonda ace anagwa pa nthawi ya umphawi waukulu umene unagwera maiko kuyambira 1929.

M'kati mwa wochi yotere mulibe batire kapena moto uli wonse. Sipuling'i yopindidwa imafuna kumasuka, niikankha timagudumu ta mano, koma kamphanda kena kamaletsa kuti mphamvu isathe nthawi imodzi, kakumasula dzino limodzi-limodzi monga momwe kagudumu kogwedezeka kakulamulira. Kagudumu kameneka ndiko mtima wace. M'mawochi a tsopano kamagunda kasanu ndi katatu pa sekondi, ndiko 28,800 pa ora ndi 691,200 pa tsiku, ndipo a kampani amalonjeza kuti m'kugunda konseku wochi siidzatsogola kapena kutsalira koposa masekondi 2. Ukaibvula ndi kuisiya pa tebulo imayenda maora ngati 70 isanaime, ndipo imapirira madzi akuya mamita 100. Timiyala tofiira timene amawerenga pa mawochi siticokera m'mgodi monga ena amayesera. Ndi topanga, totsika mtengo, ndipo nchito yace ndi kukhala mphako zolimba zozunguliramo nsonga za timagudumu.

Zaka zotsatira ndingozidumpha mwacidule. Pa nkhondo ya Hitler, Wilsdorf, ngakhale anali mbadwa ya Germany, anali kutumiza mawochi kwa akulu a asilikari a Britain ogwidwa ukaidi, nati adzalipire nkhondo ikatha, pakuti anakhulupirira mau ao. M'caka ca 1953 gulu lokwera phiri la Everest linanyamula ma Oyster, ndipo kampani inadya nalo dzina phirilo, cinkana Edmund Hillary mwini wace ananena kuti imene anafika nayo pamwamba inali ya Smiths ya ku England. Pa 23 January 1960 wochi yopangidwira dala inamangidwa kunja kwa combo ca Trieste, cimene Jacques Piccard ndi Don Walsh anatsika naco mamita 10,916 pansi pa nyanja ya Pacific, niituluka irikuyenda. Wilsdorf anamwalira m'July caka comweco wopanda mwana, atapereka kampani yonse m'manja mwa bungwe la zacifundo limene analikhazika mkazi wace atamwalira m'caka ca 1944. Bungwe limenelo ndilo mwini wace mpaka lero.

Pali mbali yina ya mbiriyi imene mabuku a amalonda saichula, koma ife sitingailambalale. M'caka ca 1945 inatuluka Datejust, Oyster yoonetsa tsiku la mwezi pa kazenera, ndipo yoyambayo inali ya golidi. M'caka ca 1956 inatuluka Day-Date, imene siipangidwa konse ndi citsulo wamba. Nanga golidi anali kucokera kuti? Ciyambire 1886 nkhokwe yaikulu ya golidi pa dziko lapansi inali migodi ya ku Joni. M'caka ca 1970 South Africa inakumba matani 1,000, koposa magawo awiri mwa atatu a golidi yense wa caka cimeneco, ndipo kuyambira 1968 wambiri anali kugulitsidwa kupyolera m'mabanki a ku Zurich ku Switzerland komweko. Okumba anali ambuye athu ndi atsibweni athu: a ku Nyasaland, a ku Tete, a ku Barotseland ndi a kwina, ena otengedwa ndi Wenela, ena oyenda selefu. M'August 1946, caka cimodzi Datejust itatuluka, anchito a m'migodi imeneyo zikwi makumi anakana nchito pofuna masheleni 10 pa tsiku, pamene malipiro ao sanali kufika masheleni 3, ndipo apolisi anawabwezera m'mgodi ndi zibonga ndi mfuti. Amene anabwerako anadza ndi njinga, mabulangeti, suti ndi wochi yonyezimira ya mtengo wapansi, yoonetsa pa mudzi kuti munthuyu anayenda. Ambiri anadzanso ndi cifuwa ca pfumbi la miyala, cimene cinawadya pang'ono-pang'ono m'makumbi mwao. Amisiri a ku Geneva anatha kutsekera pfumbi kunja kwa kacigoba konga ndalama ya siliva kukula kwace, koma eni migodi anacedwa zaka zambiri kulitsekera kunja kwa mapapo a munthu.

Cimene cinasanduliza Oyster kotheratu cinacokera ku Japan. M'December 1969 kampani ya Seiko inagulitsa wochi ya batire, yoyendera kamwala kamene magetsi amakanjenjemeretsa, ndipo zisanathe zaka 10 mawochi otere anali kugulidwa ndi ana a sukulu. Nchito ya mawochi ku Switzerland inagwa: anchito anali ngati 90,000 m'caka ca 1970, koma anatsala ngati 30,000 m'zaka za m'ma 1980. Owerenga aone ici: kawochi ka pulasitiki ka Casio kamene kanatuluka m'caka ca 1989, kamene msodzi angagule atagulitsa nsomba za tsiku limodzi kapena awiri, kamalonjezedwa kusaphonya koposa masekondi 30 pa mwezi, pamene masekondi 2 pa tsiku a Rolex angafike 60. Pa kunena nthawi, wamng'ono anapambana wamkulu. Ndipo lero foni ya m'thumba yapambana onse awiri, niitibwezera ku mwambo wa agogo wopisa dzanja m'thumba pofuna kudziwa nthawi.

A Rolex ataona kuti nthawi yatsika mtengo, anatsamira pa ulemu. Anakometsa zitsulo, nakweza mitengo, ndipo ngakhale odziwa malonda amayerekeza kuti amapanga mawochi ngati 1,000,000 pa caka, wogula m'sitolo zao kawiri-kawiri amalembedwa dzina kuti adikire. Oyster Perpetual ya citsulo, yotsika mtengo mwa zonse, imapitirira madola 5,000 a ku America. Sindiwadzudzula pa umisiri, pakuti wochi yotere ikasamalidwa imapitirira moyo wa mwini wace niikhala cuma ca masiye, pamene ya pulasitiki imatayidwa lamba akaduka. Cimene cimandidabwitsa ndi kumene yathera. Cigoba cija anacipangira munthu wonga msodzi wa pa Chanyanya, amene mikono yace imakhala m'madzi kuyambira mbandakuca pokoka ukonde, kapena woyendetsa lole m'pfumbi la mu October. Koma amene amaibvala ndi munthu wa m'ofesi yozizira, amene madzi amafika pa mkono wace posamba m'manja pokha.

Ndipo popeza cimene cigulidwa tsopano ndi dzina, dzinalo lapeza akuba ace. M'misewu ya Lusaka ndi pa masiteshoni a mabasi mungapeze anyamata atanyamula mawochi olembedwa Rolex, ndi kacisoti kacifumu pa nkhope, pa mtengo wa nkhuku ziwiri kapena zitatu. Ambiri mwa amenewa ndi opepuka m'dzanja, ndipo muvi wa masekondi umadumpha kamodzi pa sekondi monga wa batire, pamene wa Oyster yeni-yeni umayenda ndi timapazi 8 tating'ono, nuoneka ngati ukukwawa. Ena opangidwa mocenjera amakwawa naonso, ndipo kamutu kao kali ndi mazinga ooneka bwino, kotero kuti ngakhale mmisiri ayambe watsegula kumbuyo asanaweruze. Wogula amene alibe mmisiri pafupi angapemphe beseni la madzi, monga anacitira eni masitolo a ku London m'caka ca 1927, nauze wogulitsa kuti aponyemo wochiyo ndalama zisanaturuke m'thumba. Kawiri-kawiri mnyamatayo amakumbukira pomwepo kuti basi yace irikunyamuka.